Junnar, Dera la Alimi ku India Kumene Madzi Anabala Nzimbe, Nzimbe Zinaitana Anyalugwe

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linalemba linga la Shivneri, pamodzi ndi malinga ena 11 a mafumu a mtundu wa Maratha, pa mndandanda wa malo a mbiri amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga. Lingali lili pamwamba pa phiri loyang'ana tauni ya Junnar, kumadzulo kwa dziko la India, ndipo m'menemo ndimo munabadwira mfumu Shivaji m'caka ca 1630. Nkhaniyi inakondweretsa anthu ambiri olankhula Cimarathi. Koma pansi pa phirilo, m'minda ya matimati, anyezi ndi nzimbe, alimi a ku Junnar ali ndi nkhani zawo zitatu zimene sizicoka pakamwa: tsiku limene madzi adzatsegulidwa m'ngalande, mtengo wa kreti ya matimati pa msika wa Narayangaon, ndi nyalugwe amene anaoneka usiku kuseri kwa khola la mbuzi.

Junnar ndi dzina la tauni, ndi dzinanso la dera lonse lozungulira tauniyo, limene m'kayendetsedwe ka dziko la India limachedwa taluka. Cigawo ca Maharashtra, cimene likulu lake ndi Mumbai, cinagawidwa m'maboma monga boma la Pune ndi boma la Nashik. Boma lililonse linagawidwanso m'mataluka, ndipo taluka iliyonse ili ndi mkulu wake wochedwa tahsildar, amene amasunga mabuku a minda, amatolera msonkho wa malo, ndi kulemba za kuonongeka kwa mbewu pakagwa cilala kapena matalala. Junnar ndiyo taluka ya kumpoto kwenikweni m'boma la Pune, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kucokera mu mzinda wa Pune. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,400, ndipo muli midzi pafupifupi 180. Cinenero ca panyumba ndi ca kumsika ndi Cimarathi, cimene pa kalembera wa 2011 anthu 83 miliyoni m'dziko lonselo anati ndico cinenero cawo cobadwa naco.

Wofuna kumvetsa Junnar ayambe ndi mvula. Kumadzulo deralo limathera pa mapiri a Sahyadri, amene pa mapu ambiri amalembedwa Western Ghats. Kuseri kwa mapiriwo nthaka imatsika mwadzidzidzi, phompho la mamita mazanamazana, kulowa m'cigwa ca m'mbali mwa nyanja cochedwa Konkan. Mphepo ya mvula imacokera kunyanjako kuyambira June kufika September, imagunda mapiriwo ndi kukhuthula madzi ake ambiri pomwepo, mwakuti midzi ya pamwamba penipeni imalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa caka. Mitambo ikamafika kum'mawa kwa taluka yomweyo, ku Ale ndi ku Belhe, imakhala itauma kale, ndipo mlimi wa kumeneko amathokoza akalandira mamilimita 600. Mitsinje itatu, Kukadi, Meena ndi Pushpavati, imayambira m'mapiriwo ndi kuyenda ca kum'mawa. Motero kumadzulo ndiko kumagwa madzi, pamene pakati ndi kum'mawa ndiko kuli nthaka yakuda ndi yakuya imene madziwo amapindulira. Cuma ca derali m'zaka 50 zapitazi cagona pa kusiyana kumeneku.

Mpata wa amalonda

Koma madzi sindiwo anayamba kulemeretsa Junnar. Inayamba ndi njira. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumadzulo kwa tauniyi pali mpata wochedwa Naneghat, kumene anthu akale anasema mathanthwe ndi kuyala miyala kuti ng'ombe zonyamula katundu zizitha kukwera kucokera ku Konkan. Zaka 2,000 zapitazo, m'nthawi ya mafumu a Satavahana, imeneyi inali imodzi mwa njira zikuluzikulu zolumikiza madoko a Kalyan ndi Sopara ndi mizinda ya m'kati mwa dziko monga Paithan, likulu la mafumuwo. Zombo zocokera ku Iguputo, amene nthawiyo anali m'manja mwa Aroma, zinali kufika ku gombe la kumadzulo kwa India kudzagula nsalu za thonje ndi miyala ya mtengo wapatali. Pamwamba pa mpatawo pakali mtsuko waukulu wosemedwa pa mwala. Anthu a kumeneko amanena kuti m'menemo ndimo amalonda anali kuponya ndalama za msonkho wodutsira.

Pambali pa njirayo pali phanga losema, ndipo pa makoma ake pali zolemba zazitali za m'zilembo za Brahmi, zimene akatswiri ambiri amati zinasemedwa m'zaka 100 zomaliza Yesu asanabadwe, molamulidwa ndi mfumukazi Naganika, mkazi wa mfumu Satakarni. Zolembazo zimachula nsembe zimene banja lacifumu linapereka ndi mphatso zimene ansembe analandira: ng'ombe zikwizikwi, akavalo, njovu, ngolo, ndi ndalama zochedwa karshapana. Popeza mphatsozo zinawerengedwa ndi manambala, phangali ndi lodziwika kwa ophunzira mbiri ya masamu. Zina mwa zizindikiro za pamenepo ndizo makolo a manambala amene mwana wa sukulu amalemba lero, ngakhale kuti cizindikiro ca ziro cinali cisanabwere.

Kumene kumadutsa amalonda kumatsalira ndalama. M'mapiri ozinga tauni ya Junnar muli mapanga pafupifupi 200 amene anasemedwa kuti akhale nyumba ndi malo opemphereramo a amonke a cipembedzo ca Buddha. Ali m'magulu anayi: Tulja, Manmodi, Shivneri ndi Lenyadri. Amene analipira nchitoyo analemba maina awo pa makoma, ndipo mwa iwo muli amalonda, osula golide, magulu a amisiri, ndi anthu odzicha Yavana, dzina limene linali kupatsidwa kwa alendo ocokera kumadzulo, kumaiko a Agiriki. Pa phiri la Manmodi pali dzina la Ayama, nduna ya mfumu Nahapana, amene anali mdani wamkulu wa a Satavahana. Cimeneci cimasonyeza kuti maufumu awiri anali kulimbirana mpata umodzi. Amonkewo anacoka kalekale. Phanga limodzi la ku Lenyadri linasanduka kacisi wa Ganesha, mulungu wa Ahindu, ndipo pamodzi ndi kacisi wa ku Ozar, m'taluka yomweyi, lili m'gulu la akacisi asanu ndi atatu a Ganesha amene opembedza a ku Maharashtra amayendera motsatizana.

Patapita zaka zoposa 1,000, Junnar anali akali tauni ya pa njira. Ca m'ma 1470 wamalonda wa ku Russia, Afanasy Nikitin, anatsekeredwa ndi mvula kumeneko kwa miyezi iwiri, ndipo analemba kuti bwanamkubwa wa tauniyo anamulanda kavalo amene anabwera naye kudzagulitsa, namuopseza kuti alowe Cisilamu. Anapulumuka pamene mnzake wa ku Khorasan anamulankhulira. Mu 1490 bwanamkubwa wina wa Junnar, Malik Ahmad, anapandukira mafumu a Bahmani amene anali kulamulira gawo lalikulu la dera lokwera la Deccan, nayambitsa ufumu wake wa Nizam Shahi. Anakhala ku Junnar kufikira atayamba kumanga mzinda wa Ahmednagar mu 1494.

Ufumu umenewu ndiwo unabweretsa ku Junnar munthu wa mu Africa amene dzina lake limakumbukikabe ku India. Malik Ambar anabadwa mu 1548 ku Ethiopia, anagulitsidwa ukapolo ali mnyamata, anadutsa ku Baghdad, nafika ku Deccan monga kapolo wa usilikali. Mbuye wake atamwalira anamasulidwa, anasonkhanitsa gulu lake la nkhondo, ndipo pomaliza ndiye anali kuika ndi kucotsa mafumu a Nizam Shahi. Kwa zaka zoposa 20 analepheretsa mafumu amphamvu a Mughal a kumpoto, Akbar ndi Jahangir, kumeza ufumuwo. Ca m'ma 1607 anaika likulu lake ku Junnar, asanamange mzinda wa Khadki mu 1610. Iye anayesa minda ndi kuika msonkho wolingana ndi zokolola, nchito imene olamulira a pambuyo pake anamangapo. Anthu ocokera ku Ethiopia anali kuchedwa Habshi, ndipo pafupi ndi Junnar pakali manda aakulu a denga lozungulira ochedwa Habshi Gumbaz. Malik Ambar anamwalira mu 1626. Pakati pa atsogoleri a asilikali a pa akavalo a mtundu wa Maratha amene anali kumutumikira panali Shahaji Bhosale.

Shahaji ameneyu, m'nyengo ya nkhondo ndi njala yoopsa ya 1630, anasiya mkazi wake Jijabai ali woyembekezera m'linga la Shivneri. Mwanayo, Shivaji, anabadwa pa 19 February 1630, malinga ndi tsiku limene boma la Maharashtra linavomereza. Anakula nakhazikitsa ufumu wa Amaratha, navekedwa ufumu ku Raigad mu 1674. Codabwitsa n'cakuti malo amene anabadwira sanathe kuwatenga. Mu 1657 anaukira tauni ya Junnar usiku, imene inali m'manja mwa a Mughal, nacoka ndi akavalo ndi ndalama zambiri, koma linga la Shivneri linamukanika, ndipo linabwerera kwa Amaratha mu 1716, m'nthawi ya mdzukulu wake Shahu. Caka ciliconse pa 19 February atsogoleri a cigawo amakwera phirilo, ndipo amai amaimba nyimbo yoluluzira mwana pa malo amene anabadwira. Pamwamba pomwepo palinso malo ena ochedwa Koli Chauthara, okumbukira anthu a mtundu wa Mahadev Koli amene anaphedwa ndi a Mughal ataukira ca pakati pa zaka za m'ma 1600. Zidzukulu zawo ndizo zimakhala m'midzi ya m'mapiri kufikira lero.

Angerezi anagonjetsa Amaratha mu 1818, naphwanya makwerero a malinga angapo a m'mapiri ozungulira. Komabe cimene cinagwetsa Junnar si mizinga. Mu 1830 anatsegula msewu wa ngolo pa mpata wa Bhor, kum'mwera, ndipo mu 1863 njanji ya Mumbai kupita ku Pune inadutsa pomwepo. Katundu anatsata njanji. Naneghat inatsala njira ya oyenda pansi, ndipo mapepala opangidwa ndi manja, amene Junnar anali kuchuka nawo, analephera kupikisana ndi a m'mafakitale. Anatsala ndi alimi ndi ngongole zawo kwa anthu a kaloba. M'zaka za m'ma 1880 Jyotirao Phule, womenyera ufulu wa anthu a magulu apansi, anacititsa misonkhano ya alimi m'dera la Junnar ndi Otur, kuwalimbikitsa kukana kudyeredwa ndi eni malo ndi obwereketsa ndalama.

Anthu ake

Kalembera wa 2011 anapeza anthu 399,302 m'taluka ya Junnar: amuna 202,360 ndi akazi 196,942. Kalembera wotsatira, amene anayenera kucitika mu 2021, anaimitsidwa cifukwa ca mliri wa COVID-19, ndipo boma la India linaika caka ca 2027 m'malo mwake. Mwa anthu onsewo, 25,315 okha ndiwo anali m'tauni ya Junnar. Otsalawo, oposa 90 pa 100 alionse, anawerengedwa kuti ndi a kumidzi. Apa pafunika kusamala, pakuti Narayangaon, Otur ndi Ale, malo a masitolo, zipatala, makoleji ndi mabanki, m'mabuku a kalemberayo ndi midzi. Oposa 80 pa 100 alionse a zaka 7 kupita m'mwamba anali odziwa kulemba ndi kuwerenga, ngakhale kuti akazi anali kutsalira kwa amuna.

Pa amuna 1,000 alionse panali akazi 973, pamene m'boma lonse la Pune panali akazi 915. Cimodzi mwa zifukwa zake n'cakuti mizinda imakoka amuna. Kwa mibadwo ingapo anyamata a ku Junnar akhala akutsikira ku Mumbai, ndipo ambiri anakhazikika m'misika yaikulu ya masamba ndi zipatso, ena monga onyamula katundu, ena monga amalonda. Enanso ali pakati pa amuna ochuka a zipewa zoyera ochedwa dabbawala, amene amatenga cakudya ca masana m'nyumba za mu Mumbai ndi kucifikitsa ku maofesi pa njinga ndi pa sitima. Cibale cimeneci n'cofunika pa ulimi wa kwawo: mlimi wa ku Otur akatumiza masamba ku mzinda, kawirikawiri wowalandira amakhala wakumudzi kwawo.

Ambiri mwa alimi a m'zigwa ndi a magulu a Maratha, Kunbi ndi Mali, ndipo ndi Ahindu. M'tauni ya Junnar muli Asilamu ambiri, mabanja ena okhalamo kuyambira nthawi ya mafumu aja. Koma munthu mmodzi pa asanu alionse ndi wa mitundu imene malamulo a India amaizindikira kuti ndi eni nthaka akale, ochedwa Adivasi, makamaka a Mahadev Koli ndi a Thakar. Iwo ali kumadzulo. Amalima mpunga m'timinda ta m'zigwa zopapatiza ndi mawere m'mbali mwa mapiri, mbewu imodzi pa caka, ndipo m'cilimwe amatola ndi kuyanika zipatso za mtengo wa hirda, zimene zimagulidwa kukapanga mankhwala ndi kufufutira zikopa. Mvula yawo ndi yambiri, koma imagwera pa thanthwe lolimba ndi kuthamangira kunsi. Pofika April ndi May zitsime za midzi ina zimauma, ndipo madzi akumwa amabwera pa magalimoto a mathanki.

Madamu a Kukadi

Mu 1972 cigawo ca Maharashtra cinagwidwa ndi cilala cimene okalamba amawerengerapo zaka kufikira lero. M'zaka zotsatira nchito yomanga madamu pa mitsinje ya m'dera lino inafulumizidwa. Damu la Yedgaon pa mtsinje wa Kukadi linatha mu 1977, la Wadaj pa Meena mu 1983, la Manikdoh pa Kukadi mu 1984, ndipo la Pimpalgaon Joge linatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Pamodzi ndi damu la Dimbhe, limene lili m'taluka yoyandikana ya Ambegaon, madamu asanuwa amapanga dongosolo limodzi lochedwa Kukadi. Minda ndi midzi imene inamira pansi pa nyanja zatsopanozo inali ya kumtunda. Minda imene inabiriwira inali ya kunsi.

Kunsiko zinthu zinasintha mofulumira. Minda imene inali ya mcewere ndi mapira inasanduka ya nzimbe, anyezi, matimati, nthoci, mphesa, makangaza ndi maluwa. M'zaka za m'ma 1980 alimi anayamba kupereka nzimbe ku fakitale ya shuga ya Vighnahar, imene ndi kopaletivu ya alimi eni ake. Nzimbe zimamwa madzi ambiri kuposa mbewu zina zonsezo. M'cigawo conse ca Maharashtra zimatenga malo osafika 10 pa 100 a minda yonse, koma zimamwa gawo loposa theka la madzi othirira. Mlimi amazikondabe, ndipo cifukwa cake n'comveka. Boma limaika mtengo umene fakitale iyenera kulipira pa tani iliyonse, nzimbe sizifuna anchito tsiku ndi tsiku, ndipo siziwola zikacedwa sabata imodzi.

Matimati ndi nkhani ina. Msika wa Narayangaon, pa msewu waukulu wa Pune kupita ku Nashik, ndi umodzi wa misika yaikulu ya matimati m'cigawoco, ndipo amalonda ocokera kumpoto kwa India amabwera kudzagula m'miyezi yotentha ndi ya mvula, pamene madera ena alibe zokolola. Amagula pa kreti ya makilogalamu 20. Caka ca 2023 cinaonetsa bwino lomwe mmene malondawa alili. Kumayambiriro kwa cakaco mitengo inagwa mwakuti alimi ambiri anasiya minda yawo osaisamalira. Kutentha ndi matenda a mbewu zinaononga zotsalazo. Mvula yamkuntho inaononga minda ya kumpoto. Pofika July kreti imodzi ku Narayangaon inapitirira marupi 2,000, ndipo dziko la India linafika poitanitsa matimati ku Nepal. Alimi owerengeka amene anali asanazule mbewu zawo analemera m'masabata ocepa. Anzawo ataona zimenezo anabzala onse pamodzi, ndipo pofika September mtengo sunali kukwanira ngakhale kulipira otola ndi galimoto. Alimi a anyezi a ku Otur ndi Alephata ali ndi dandaulo lina: mtengo ukangokwera, boma limateteza ogula a m'mizinda. Mu August 2023 linaika msonkho wa 40 pa 100 pa anyezi wotumizidwa kunja, ndipo kuyambira December 2023 kufika May 2024 linaletsa kumutumiza kunja.

Pali njira ina yodziwira ngati caka cayenda bwino. Narayangaon ndiwo mudzi wa tamasha, masewero a nyimbo, magule ndi nthabwala amene amacitika pa zikondwerero za midzi, ndipo mmodzi wa ovina ochuka kwambiri a mwambowu, Vithabai Narayangaonkar, anatenga dzina la mudziwu. Caka ciliconse, nyengo ya zikondwerero isanayambe, eni magulu a tamasha amamanga matenti awo kumeneko, ndipo akuluakulu a midzi amabwera kudzagwirizana nawo za tsiku ndi mtengo. Mbewu zikagulitsidwa bwino mabuku a eni magulu amadzaza. M'caka ca cilala matenti amakhala zii.

Madziwo si a Junnar yekha. Ngalande yaikulu yocokera ku Yedgaon imayenda makilomita oposa 200 kulowa m'madera ouma a Parner, Shrigonda ndi Karjat m'boma la Ahmednagar, limene mu 2024 linasinthidwa dzina kukhala Ahilyanagar, ndi kufika ku Karmala m'boma la Solapur. Madzi amatsegulidwa mosinthana, masiku owerengeka pa ulendo uliwonse, ndipo komiti imene muli nduna ndi aphungu a madera onsewo ndiyo imaika masiku. M'miyezi yotentha mkangano sulephera. A ku Junnar amati madamu ali pa nthaka yawo ndipo asaphwetsedwe mpaka matope. A kumapeto kwa ngalande amati madamuwo anamangidwira madera a cilala, ndipo madzi amathera m'njira asanafike kwa iwo. Onse ali ndi mfundo. Amene mau awo samveka kwenikweni pa mkanganowu ndi a m'mapiri aja, kumene madziwo amacokera.

Mlendo wa m'nzimbe

Nzimbe zimakhala m'munda caka cathunthu kapena kupitirira, zimatalika kuposa munthu, ndipo zimathithikana mwakuti palibe amalowamo kufikira tsiku lodula. Pansi pake pamakhala mthunzi ndi madzi. Pafupi pamakhala agalu, mbuzi, ana a ng'ombe ndi nkhumba. Kwa nyalugwe, amene ena amati kambuku, palibe nkhalango yoposa imeneyi. Anyalugwe a ku Junnar ambiri sanatsike m'mapiri. Anabadwira m'minda momwemo. Kafukufuku wa katswiri Vidya Athreya ndi anzake m'taluka ya Akole, yoyandikana ndi Junnar kumpoto, anapeza kuti 87 pa 100 ya cakudya ca anyalugwe a m'minda ndi nyama zoweta, ndipo agalu okha ndi 39 pa 100.

Malamulo a 1972 oteteza nyama za kuthengo amaika nyalugwe m'gulu lotetezedwa kwambiri, motero kumupha ndi mlandu waukulu. Alimi atadandaula za ziweto zawo, a zankhalango anaganiza zimene aliyense akanaganiza: kuchera misampha, kugwira zilombozo, ndi kukazitaya ku nkhalango. M'caka coyambira February 2001 anagwira anyalugwe 29 m'dera la Junnar nakawamasula pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo ena 11 anabweretsedwa ku nkhalango zomwezo kucokera m'maboma ena. Zotsatira zake zinali zoopsa. Kuyambira 1993 kufika 2001 anyalugwe anali kuukira anthu pafupifupi kanayi pa caka. Nchito yosamutsayo itayamba ciwerengeroco cinakwera kufika pa 17. Athreya ndi anzake, m'lipoti lawo la 2011, anafotokoza kuti cilombo cogwidwa cimavulala ndi kuzunzika m'khola la zitsulo, cimatayidwa m'dera lacilendo, ndipo cimayesa kubwerera kwawo kudutsa m'midzi imene siciidziwa. Pamalo pamene cinacotsedwa pamalowa cina.

Kucokera nthawi imeneyo anyalugwe ogwidwa ataukira anthu, ndi ena osatha kudzidalira, amasungidwa pa malo a ku Manikdoh, amene kuyambira 2007 a zankhalango amayendetsa pamodzi ndi bungwe la Wildlife SOS. M'nyengo yodula nzimbe odula amapeza ana a nyalugwe m'mizere. Kale anali kutengedwa, ndipo mai wawo anali kuzungulira mudzi ali wolusa. Tsopano anawo amapimidwa, amaikidwa m'bokosi pamalo pomwe anapezeka dzuwa likamalowa, ndipo kawirikawiri mai amabwera usiku kudzawanyamula mmodzimmodzi.

Zimenezi sizinathetse imfa. M'zaka za 2024 ndi 2025 anthu angapo anaphedwa m'taluka za Junnar, Ambegaon, Khed ndi Shirur, ndipo anthu okwiya anatseka msewu wa Pune kupita ku Nashik. Ovulazidwa kawirikawiri ndi ana aang'ono, okalamba, ndi munthu wowerama kapena wokhala pansi m'munda. Ali pa ngozi kwambiri ndi amene amagona panja: mabanja odula nzimbe ocokera ku madera ouma monga Beed, amene amamanga misasa ya mapulasitiki m'mbali mwa munda, ndi abusa a nkhosa amene amagoneka ziweto zawo m'minda yokololedwa. Alimi nawonso akhala akupempha kuti magetsi a mapampu azibwera masana, pakuti akabwera usiku munthu amakakamizika kulowa m'munda ndi toci kukatsegula madzi. Mu 2023 boma la Maharashtra linakweza cipepeso ca banja la wophedwa ndi cilombo kufika pa marupi 2.5 miliyoni, ndipo kumapeto kwa 2025 boma la India linavomereza kuyesa njira yoletsa kubereka pa anyalugwe aakazi owerengeka m'dera la Junnar. A Mahadev Koli ndi a Thakar, amene akhala ndi cilomboci kwa nthawi yaitali kuposa wina aliyense, ali ndi tiakacisi ta Waghoba, mulungu wa maonekedwe a nyalugwe, m'malire a midzi yawo, kumene amapereka nsembe kuti ziweto zisagwidwe.

Mu 2018 boma la Maharashtra linalengeza kuti Junnar ndiyo taluka yoyamba ya zokopa alendo m'cigawoco, ndipo malinga, mapanga ndi mathithi a m'nyengo ya mvula zimabweretsa anthu a ku Pune ndi Mumbai kumapeto kwa sabata. Cimene alimi ndi amalonda anali kuyembekezera kwambiri, komabe, ndi njanji. Panali pulani ya njanji yothamanga yolumikiza Pune ndi Nashik kudzera ku Narayangaon. Koma ku Khodad, pafupi ndi Narayangaon, kuli makina aakulu omvera mafunde a wailesi ocokera kuthambo, ochedwa GMRT: mbale 30 za zitsulo, iliyonse mamita 45 m'mimba mwake, zomwazikana pa mtunda wa makilomita 25. Katswiri Govind Swarup ndi anzake anasankha malowa pofuna dera lopanda phokoso la mafunde a magetsi ndi a mawailesi. Asayansi anacenjeza kuti nthambo za magetsi za sitima ndi zipangizo zake zolankhulirana zidzasokoneza makinawo. Mu 2025 nduna ya za njanji, Ashwini Vaishnaw, inanena kuti njanjiyo idzapatutsidwa kudzera ku Ahilyanagar ndi Shirdi. Atsogoleri a ku Junnar ndi a madera oyandikana anakana ganizolo, napempha kuti akatswiri afune njira yodutsira pafupi ndi mbalezo popanda kuzisokoneza.